Khadi Lotembenuka Pafoni Lilibe Kuseri

Pa 1 Novembala 2021, masewera a pa intaneti otchedwa Wordle anali ndi anthu 90 okha owasewera. Pofika kumayambiriro kwa Januwale 2022 anthuwo anali atafika 300,000, ndipo mwezi womwewo usanathe nyuzipepala ya The New York Times inagula masewerawa kwa mwini wake, Josh Wardle, pamtengo wosachepera madola 1 miliyoni. Malamulo ake ndi osavuta. Munthu amafufuza mawu achingelezi a zilembo 5, ndipo amaloledwa kuyesa maulendo 6. Akalemba mawu amene akuganiza n'kudina batani, timabokosi ta zilembozo timagadabuka kamodzikamodzi kuyambira kumanzere. Kena kamatuluka kobiriwira, kena kachikasu, kena kotuwa.

Foni imakhala itadziwa kale yankho lonse chala chisanachoke pagalasi. Ikanatha kupaka mitundu yonseyo nthawi imodzi, nkhani n'kutha. Koma imachedwa dala, n'kumusiya wosewerayo mtima uli m'mwamba mpaka kabokosi komaliza katagadabuka.

Kutembenuza khadi pasikirini kuti lionetse nkhope ina kuli m'mapulogalamu ambiri a pafoni: ophunzirira chinenero, olipirira katundu, amasewera, osungira matikiti a ndege. Nthawi zambiri kumatha theka la sekondi lisanakwane. Koma kuti kuoneke bwino pamafunika masamu a kusekondale, nzeru zobwereka kwa ojambula makatuni, ndi kabodza kamodzi kamene opanga mapulogalamu onse amanama mofanana. Khadi la pafoni lilibe kuseri.

Galasi lopanda kuya

Sikirini ya foni ndi yafulati. Ndi timadontho ta kuwala tondandalikidwa m'mizere, ndipo palibe kadontho kamene kangayandikire munthu kapena kumutalikira. Chimene foni ingachite ndi kusintha mtundu wa kadontho kalikonse, basi. Choncho chimene maso amachiona ngati kutembenuka ndi zithunzi zosayenda zimene zimalandizana mofulumira, chilichonse chopendekeka pang'ono kuposa chinzake.

Munthu atagwira khadi la kubanki patsogolo pa maso ake n'kumalizunguliza pang'onopang'ono, amaona likuchepa m'lifupi. Kuchepako sikuyenda paliwiro limodzi. Likapendeka madigiri 30, limakhala litataya 13 peresenti yokha ya m'lifupi mwake. Pa madigiri 45 limatsala ndi 71 peresenti, pa madigiri 60 limatsala theka, ndipo theka lotsalalo limatha lonse m'madigiri 30 omaliza, mpaka khadi litasanduka kamzere. Amene anamvetsera m'kalasi ya masamu azindikira kuti imeneyi ndi cosine. Wopanga pulogalamu waulesi akangolifinya khadi kuchokera m'mbali paliwiro losasintha, anthu amaona kuti chinachake chalakwika ngakhale sangathe kunena kuti n'chiyani. Limaoneka ngati likufinyidwa, osati kutembenuka.

Kuchepa m'lifupi pakokha sikukwanira. Khadi lenileni likamazungulira, mbali imene ikubwera kwa munthu imaoneka yaitali, imene ikupita kutali imaoneka yaifupi. Kuti foni ijambule zimenezi, imafunika kuuzidwa kuti diso la woonayo lili patali bwanji. Pamasamba a intaneti, m'chinenero chokongoletsera masamba chotchedwa CSS, wopanga amalemba mzere wonga perspective: 1000px, kutanthauza kuti diso lili pamtunda wa timadontho 1,000 kuchokera pagalasi. Khadi likakhala la timadontho 300 m'lifupi, mbali yake yoyandikira imafika potuluka ndi timadontho 150, ndipo imakula ndi pafupifupi 18 peresenti pamene inzake imachepa ndi 13 peresenti. Mtundawo ukadulidwa kukhala 500, mbali yoyandikira imakula ndi 43 peresenti, ndipo khadi limaoneka ngati likufuna kumumenya munthu pamphuno.

Kampani iliyonse inabisa nambala imeneyi pakona pake. Pa iPhone, kupendeka konse kumasungidwa m'tebulo la nambala 16, ndipo mtunda wa diso uli m'kachipinda kamodzi kotchedwa m34, mmene opanga mapulogalamu ambiri amalembamo -1/500 atangokopera kwa anzawo. Mu Flutter, chida cha Google chopangira mapulogalamu chimene chinatuluka mu Disembala 2018, nambala yozolowereka ndi 0.001, komwe kuli kugawa 1 ndi 1,000. Pa Android pali lamulo lotchedwa setCameraDistance. Woiwala kulilemba pakhadi lalikulu amaona m'mphepete mwa khadi mukufufuma mpaka kutuluka pasikirini n'kudukira panjira.

Zimene zimachitika pa madigiri 90

Apa m'pamene pagona nkhani. Chithunzi chimodzi chikazungulira madigiri 180, foni sionetsa chinthu chatsopano. Imaonetsa chithunzi chomwecho chitatembenuzika, zilembo zake zikuwerengeka chobwerera ngati mawu olembedwa kutsogolo kwa ambulansi. Aliyense wophunzira ntchitoyi amakumana ndi zilembo zobwererazi tsiku loyamba.

Njira yodziwika kwambiri yothetsera vutoli ndi kupanga zithunzi ziwiri n'kuziunjika malo amodzi. Chachiwiricho chimayamba chitazungulira kale madigiri 180, kuti zonse zikatembenuka pamodzi chidzafike chili cholunjika. Kenako chilichonse chimapatsidwa lamulo lakuti chikafulatira woonera chisaoneke. Mu CSS lamuloli ndi backface-visibility: hidden, ndipo pa iPhone lili ndi mnzake wotchedwa isDoubleSided. Zotsatira zake n'zakuti pa madigiri 89 chithunzi choyamba chimaoneka, chachiwiri chili chobisika. Pa madigiri 91 zimakhala zitasinthana. Kusinthanako kumachitika pamene khadi lili kamzere kosaoneka, nthawi yokhayo imene diso silingagwire wakuba.

Google inaphunzitsa njira ina kwa zaka zambiri m'malangizo ake a opanga mapulogalamu a Android. Phunziro lake la kutembenuza khadi linali ndi mafayilo anayi, awiri otulutsira nkhope yakale ndi awiri olowetsera yatsopano, kumanzere ndi kumanja. M'mafayilomo nkhope yotuluka imazungulira, ndipo nthawi ikafika pakatikati imazimitsidwa mwadzidzidzi. Yolowa imakhala ikuzungulira nayo limodzi, n'kuonekera inzakeyo itazima. Ndi wotchi imene imasinthanitsa, osati ngodya ya khadi. Njira imeneyi ili ndi msampha wake: liwiro la kuzungulira likasinthidwa mwakuti theka la nthawi silikugwirizananso ndi madigiri 90, kusinthanako kumachitika poyera, khadi likadali lotambasuka, ndipo munthu amaona kuphethira kosayembekezeka.

Wordle inasankha yachidule kuposa zonse. Kabokosi kake sikafika n'komwe pa madigiri 180. Kamapendeka mpaka 90, kamasintha mtundu kali kobisika, kenako kamabwerera kumene kanachokera. Chilembo chimakhala chomwecho, ndiye palibe chifukwa cha chithunzi chachiwiri. Anthu mamiliyoni amalumbira kuti amaona kabokosi kakugadabuka, chonsecho kanangowerama n'kudzuka katavala zina.

Misampha ina ndi yosekesa kwa amene sinamugwere. Pa iPhone, khadi likazungulira pakati pake, theka limodzi limabwera kutsogolo ndipo theka lina limalowa mkati, choncho lingathe kumira kuseri kwa chithunzi cha pansi pake, munthu n'kumaona theka la khadi lokha likuuluka. Mankhwala ake ndi kulikweza khadi lonse patsogolo lisanayambe kuzungulira. Pa intaneti, kungolamula kuti zotuluka kunja kwa bokosi zidulidwe kumaphwanya kuya konse, nkhope ziwiri zija n'kuphwatalala. Ndipo mpaka Safari 15.4, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti pa iPhone, itatuluka mu 2022, lamulo lobisa kuseri linkafuna kulembedwa kawiri, kachiwiriko ndi mawu akuti -webkit- kutsogolo, apo ayi khadi limene likuyenda bwino pa Android linkaonetsa zilembo zobwerera pa iPhone.

Kumene mwambowu unachokera

Makhadi anafika pakompyuta kalekale asanayambe kutembenuka. HyperCard ya Bill Atkinson, imene Apple inatulutsa mu 1987, inkasunga zinthu m'milu ya makhadi. Solitaire, imene inabwera ndi Windows 3.0 mu 1990 ndi makhadi ojambulidwa ndi Susan Kare, inkavundukula khadi mwa kungosintha chithunzi, popanda kuzungulira kulikonse.

Kutembenuka kumene anthu a mafoni akukudziwa lero kunatchuka ndi Dashboard, gawo la Mac OS X Tiger la 2005. Munali timapulogalamu ting'onoting'ono ta nyengo, wotchi ndi mitengo ya masheya. Pakona pa kalikonse panali kachilembo ka i. Munthu akakadina, kapulogalamuko kankatembenuka n'kuonetsa kuseri, kumene ankasankhirako mzinda kapena kampani imene akufuna kutsatira. Ganizo lake linali lomveka: kumaso ndi koonera, kuseri ndi kokonzera, monga mmene zipangizo zambiri zamagetsi zilili.

Steve Jobs ataonetsa iPhone yoyamba mu Januwale 2007, mapulogalamu a nyengo ndi masheya anasamuka ndi kachilembo kawo ka i. Pagalasi la mainchi 3.5, pamene malo anali osowa, kuseri kunali ngati chipinda chowonjezera chopanda lendi. Apple inafika popereka kwa opanga mapulogalamu chikombole chokonzeratu chotchedwa Utility Application, chokhala ndi nkhope ziwiri ndi kutembenuka kwake kale, ndipo mapulogalamu ambirimbiri a zaka zoyambirira za App Store anaumbidwa m'chikombole chimenecho. Microsoft nayo, pa Windows Phone imene inayamba mu 2010, inali ndi timabokosi ta pasikirini yoyamba timene tinkagadabuka tokha kuonetsa uthenga wina. Android inachedwerapo. Poyamba kuzunguliza chinthu motere kunkafuna masamu olemba pamanja, mpaka Android 3.0 ya 2011 inabweretsa njira yapafupi yosinthira ngodya ya chinthu chilichonse pasikirini.

Mu 2012 Apple inatulutsa Passbook, pulogalamu yosungira matikiti a ndege ndi makuponi. Tikiti iliyonse inali ndi kuseri kwake, kokhala ndi malamulo ndi nambala za foni za kampani. Chaka chotsatira, mu Seputembala 2013, iOS 7 inabwera ndi maonekedwe atsopano motsogozedwa ndi Jony Ive. Zikopa, matabwa ndi mapepala ongoyerekezera zinachotsedwa, ndipo pulogalamu ya nyengo inasiya kutembenuka. Passbook inasintha dzina kukhala Wallet mu 2015, ndipo m'kupita kwa nthawi matikiti ake nawo anasiya kugadabuka; tsopano zambiri za tikiti zimatsegulidwa patsamba lapadera. Komabe wopanga tikiti ya Wallet mpaka lero amalemba zimenezo pansi pa mutu wakuti backFields, kuseri kwa khadi limene silitembenukanso. Dashboard yeniyeniyo inachotsedwa pa Mac mu 2019.

Zithunzi 18

Mafoni ambiri amajambula sikirini maulendo 60 pa sekondi. Kutanthauza kuti chithunzi chilichonse chili ndi mamilisekondi 16.7 oti chikonzedwe. Kutembenuka kwa mamilisekondi 300 kumakhala ndi zithunzi 18 zokha, ndipo liwiro likakhala losasintha khadi limadumpha madigiri 10 pachithunzi chilichonse. Pamafoni odula amene amajambula maulendo 120, monga iPhone 13 Pro ya 2021, zithunzizo zimakhala 36, koma nthawi ya chilichonse imatsika kufika mamilisekondi 8.3.

Nambala ya 300 sinagwe kumwamba. Malangizo a Material Design, amene Google inalengeza mu 2014, anaika mamilisekondi 300 ngati muyezo wa kusuntha kwa zinthu pafoni, n'kuchenjeza kuti kopitirira 400 kumayamba kuoneka kochedwa. Palinso kafukufuku wakale pankhaniyi. Jakob Nielsen, m'buku lake la 1993 lotchedwa Usability Engineering, anafotokoza kuti makina akayankha pasanathe gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi munthu amamva ngati ayankha pomwepo, ndipo akayankha pasanathe sekondi imodzi maganizo a munthu saduka. Khadi liyenera kuyamba kusuntha mkati mwa malire oyambawo, ndi kumaliza kutali kwambiri ndi achiwiriwo.

Liwiro losasintha lija, ngakhale lili losavuta kuwerengera, palibe wodziwa ntchito amene amalisankha. Chinthu chenicheni sichinyamuka chili kale paliwiro lonse, ndipo sichiima ngati chagunda khoma. Frank Thomas ndi Ollie Johnston, ojambula makatuni a Disney, anaika mfundo imeneyi pakati pa mfundo 12 za ntchito yawo m'buku la 1981 lotchedwa The Illusion of Life: chinthu chiyambe pang'onopang'ono, chithamange pakati, chifike pang'onopang'ono. Foni imawerengera zimenezi ndi mizere yokhota imene Pierre Bézier ankagwiritsa ntchito pojambula mabodi a magalimoto ku Renault, ndipo Paul de Casteljau ankafufuza masamu omwewo ku Citroën. Mu CSS mzere wotere umalembedwa ndi nambala zinayi. Wodziwika ndi dzina lakuti ease-in-out ndi 0.42, 0, 0.58 ndi 1.

Kwa khadi, mfundo ya Disney ili ndi phindu lachiwiri. Malo amene khadi limathamanga kwambiri ndi pakati, pa madigiri 90 pomwe pali bodza paja. Diso limapatsidwa nthawi yokwanira pankhope ziwirizo, n'kuthamangitsidwa podutsa pamsoko.

Zonsezi zimadalira foni kusunga nthawi. M'foni muli kachipangizo kojambula zithunzi kotchedwa GPU, ndipo kupendeketsa chithunzi chokonzedwa kale kapena kuchizimitsa ndi ntchito yopepuka kwa iko. Chovuta ndi kusintha kukula kwenikweni kwa bokosi, chifukwa zikatero foni imayenera kuwerengeranso malo a chilichonse chozungulira, kuthyolanso mizere ya mawu ndi kujambula mwatsopano, maulendo 60 pa sekondi. N'chifukwa chake odziwa ntchito amangokhudza ngodya ndi kuonekera kwa khadi, zina zonse osazigwedeza. Mu React Native, chida chimene Facebook inatulutsa mu 2015, muli lamulo lotchedwa useNativeDriver, limene limapereka dongosolo lonse la kutembenuka kwa foniyo lisanayambe, kuti pulogalamu ikatanganidwa ndi zina khadi lisaime panjira.

Nkhani imeneyi ndi yaikulu kwa ogula mafoni ku Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka kuposa kwa amene amapanga mapulogalamu ku California. Tecno ndi itel, mafoni a kampani ya Transsion ya ku Shenzhen amene adzaza m'mashopu a kuno, ali ndi mitundu yotchipa ya mphamvu zochepa, ndipo Google inachita kupanga Android Go mu 2017 poganizira mafoni a RAM yosapitirira 1GB. Foni yotere ikalemedwa n'kutsika kufika pazithunzi 20 pa sekondi, kutembenuka kuja kumatsala ndi zithunzi 6, khadi n'kumadumpha madigiri 30 nthawi imodzi. Chimene chinapangidwa kuti chikongoletse chimakhala umboni wakuti foni ikujama. Cholakwa chofala ndi kuyamba kukoka chithunzi cha kuseri pa intaneti khadi litanyamuka kale. Netiweki ikakhala yofooka, khadi limatembenuka mwaulemu wonse n'kuonetsa bokosi lopanda kanthu.

Palinso chala chosaleza mtima. Munthu akadina kachiwiri khadi lili pa madigiri 60, pulogalamu yolembedwa mosasamala imalilumphitsa kubwerera poyambira, kapena imasokonezeka n'kusiya nkhope ziwiri zikuoneka pamodzi. Yolembedwa bwino imalibweza kuchokera pamene lafika. Ndipo khadi limene linatembenukira kumanja liyenera kubwerera chakumanzere. Likamangozungulira mbali imodzi, munthu amataya chidziwitso chakuti akubwerera kumene anachokera.

Pamene kutembenuka kumanena kanthu

Chitsanzo chabwino koposa chili pamalo osasangalatsa konse, polipira ndi khadi la kubanki. Fomu ikafika pofunsa nambala yachitetezo ija ya CVV, anthu ambiri olipira koyamba amadodoma, osadziwa kuti ili pati. Masamba ena amajambula khadi pamwamba pa fomu, ndipo chala chikangofika pabokosi la CVV khadilo limatembenuka n'kuonetsa pamene pali manambala atatu. Popanda chiganizo chilichonse, munthu wauzidwa kuti atembenuze khadi lili m'manja mwake. Kachidutswa ka pulogalamu kaulere kotchedwa Card, kolembedwa ndi Jesse Pollak, kanafalitsa kachitidwe kameneka m'masamba ambiri. Wochita mosamala amakumbukiranso kuti Visa ndi Mastercard zimaika manambala atatu kuseri, pamene American Express imaika anayi kumaso, choncho khadi la American Express siliyenera kutembenuka.

Makhadi ophunzirira ndi nkhani yokanganitsa. Papepala, funso limalembedwa kumaso, yankho kuseri, ndipo mtolankhani wa ku Germany Sebastian Leitner anafotokoza m'buku lake la 1972 njira yowasanjira m'mabokosi molingana ndi mmene wophunzira akuwakumbukirira. Quizlet, imene Andrew Sutherland anayamba mu 2005 ali ndi zaka 15 pokonzekera mayeso a Chifalansa, inasunga kutembenuka kwa pepalalo. Anki ya Damien Elmes, ya 2006, sinavutike nako: munthu akadina, yankho limangotuluka pansi pa funso. Woyamba kumene amakondwa ndi Quizlet chifukwa amaizindikira msanga. Koma wophunzira zaudokotala amene akubwereza makhadi 500 usiku umodzi, theka la sekondi pakhadi lililonse limamudyera mphindi zoposa 4 akuonerera kanthu kakuzungulira. Komanso khadi likatembenuka funso limabisika, chonsecho poweruza ngati wakhoza amafuna kuona funso ndi yankho pamodzi. Pamenepa Anki ndiyo inaganiza bwino, ngakhale siikongola.

Opanga masewera amadziwa mbali ina ya nkhaniyi, ndipo amaidziwa mopitirira. Mu Hearthstone ya kampani ya Blizzard, imene inatuluka mu 2014, phukusi la makhadi likatsegulidwa makhadi 5 amayandama atafulatira, ndipo wosewera amawavundukula yekha limodzilimodzi. Khadi losowa limatuluka ndi kuwala ndi mfuu. Makompyuta a kampani amakhala atagamula kale zimene zili m'phukusi, koma chala chimamva ngati chili ndi gawo pamwayiwo. Chinsinsi chake ndi chomwe chija cha Wordle, kusiyana kwake n'kwakuti phukusi lingagulidwe ndi ndalama. Mu Epulo 2018 bungwe loyang'anira njuga ku Belgium linagamula kuti mabokosi ogula amwayi m'masewera ena otchuka, kuphatikizapo FIFA 18 ndi Overwatch ya Blizzard yomweyo, ndi njuga pamaso pa lamulo. Kuvundukula kochedwetsa dala si kumene kunaweruzidwa, koma ndi mbali ya chimene chimamubwezera munthu kukagulanso.

Choipa chofala kwambiri n'chopanda zoopsa zotere, ndi kungokometsera. Masamba a makampani amakonda kuika nkhope za antchito kapena mitengo ya katundu pamakhadi otembenuka, mfundo zofunika zili kuseri. Pakompyuta khadi lotere limatembenuka kamuvi ka mbewa kakadutsa pamwamba pake. Pafoni palibe kamuvi, ndipo popanda chizindikiro munthu sadziwa n'komwe kuti pali zoti adine. Wofuna kuyerekeza mitengo ya zinthu zitatu amayenera kutembenuza makhadi atatu n'kusunga nambala m'mutu. Apple inkaika kachilembo ka i pachifukwa chenicheni.

Amene kutembenuka kumawapweteka

iOS 7 itangotuluka, anthu ena anadandaula kuti foni ikuwachititsa chizungulire ndi nseru. Sankakokomeza. M'kati mwa khutu muli ziwalo zimene zimauza ubongo ngati thupi likuyenda kapena laima. Maso akanena kuti dziko likuzungulira pamene khutu likunena kuti palibe chagwedezeka, anthu ena amadwala, makamaka amene ziwalozi zili ndi vuto kale kapena amadwala mutu waching'alang'ala. Kanthu kakang'ono kakugadabuka sikavuta kwenikweni, koma sikirini yonse ikazungulira ndi nkhani ina. Mu Okutobala 2013, ndi iOS 7.0.3, Apple inakonza kuti wotsegula Reduce Motion aziona zithunzi zikusinthana mofatsa m'malo mouluka. Android ili ndi chosankha chofanana chotchedwa Remove animations, ndipo kuyambira 2017 Safari inayamba kulola masamba a intaneti kufunsa foni ngati mwini wake anapempha kuti zoyendayenda zichepe. Malangizo a WCAG 2.1 a 2018, okhudza masamba oti anthu olumala athe kugwiritsa ntchito, anaikamo mfundo yakuti kusuntha kobwera chifukwa cha kudina kuzitheka kuzimitsidwa ngati sikofunikira. Foni imangopereka uthengawo. Kumvera kuli kwa wolemba pulogalamu, ndipo ambiri safunsa n'komwe.

Kwa anthu osaona vuto lake ndi lina. Iwo amagwiritsa ntchito VoiceOver pa iPhone kapena TalkBack pa Android, mapulogalamu amene amawerenga mokweza zimene zili pasikirini. Mapulogalamuwa sanamizidwa ndi ngodya. Lamulo lobisa kuseri limabisira maso okha, koma mawu a nkhope zonse ziwiri amakhala adakalipo. Wophunzira wosaona akatsegula khadi lolembedwa mosasamala, foni imamuwerengera funso n'kupitiriza ndi yankho lomwe asanaganize n'komwe. Batani lobisika kuseri nalo lingathe kufikiridwa lisanaonekere. Kukonza kwake ndi mizere yochepa yolamula kuti nkhope yofulatira isawerengedwe ndiponso kuti foni ilengeze khadi likatembenuka, koma zimafuna munthu amene anayesapo pulogalamu yake atatseka maso.

Kudzionera

Wokhala ndi foni ya Android angathe kugwira bodza lija yekha. Mu Settings, pansi pa About phone, muli mzere wa Build number. Pamafoni ena uli mkati mwa gawo la zambiri za pulogalamu ya foniyo. Ukadinidwa maulendo 7, pamatseguka gawo lobisika la Developer options. M'menemo muli Animator duration scale, imene imayambira pa 1x ndipo ingakwezedwe mpaka 10x. Ikafika pamenepo, kutembenuka kwa mamilisekondi 300 kumatenga masekondi 3, ndipo chilichonse chimaonekera: mbali yoyandikira ikufufuma, khadi likuonda, nkhope imodzi ikuzima inzake n'kuyaka, nthawi zina mochedwa kapena mofulumira ndi madigiri angapo. Opanga mapulogalamu a iPhone ali ndi chida chofanana pakompyuta chotchedwa Slow Animations.

Si mapulogalamu onse amene amamvera nambala imeneyi, makamaka masewera amene amadzijambulira okha zithunzi. Eni mafoni ofooka ambiri amaitsitsa kufika pa 0.5x kapena kuizimitsa, ndipo foni imaoneka yachangu ngakhale mphamvu zake sizinasinthe. Woyesa akumbukire kuibwezera pa 1x akamaliza, komanso kutseka Developer options, chifukwa mapulogalamu ena a mabanki amakana kutseguka gawo limeneli likakhala loyatsa.